Kamzere ka pa Kompyuta Nakonso ndi Chiganizo

Pa tchuthi cha chaka chatha ndinachititsa manyazi munthu wamkulu, aphunzitsi opuma pa ntchito amene anaphunzitsa anthu ambiri a kwathu kuwerenga ndi kulemba. Sindinawanyoze ndi pakamwa ayi, ndiponso tsiku limenelo sindinakumane nawo n'komwe. Chimene ndinachita ndi kujambula kamzere kamodzi pa kompyuta, kochokera pa bokosi lina kukafika pa bokosi linzake, ntchito imene sinanditengere ngakhale mphindi imodzi. M'chimangirizo chino ndikufuna kukamba za kamzere kameneka, chifukwa ndafika pokhulupirira kuti mizere imene timalumikizira zigawo za mapulogalamu a bizinesi ndi ziganizo ngati zina zonse, ndipo iyenera kuwerengedwa mokweza pamaso pa mwini bizinesi isanayambe kugwira ntchito.

Zipangizo zimene ndikunenazi si za dzulo. Kale munthu akafuna kupanga pulogalamu ankayenera kulemba malamulo onse ndi manja m'chinenero chimene kompyuta imamva. M'chaka cha 1991 kampani ya Microsoft inatulutsa Visual Basic, mmene munthu ankangotenga batani kapena kabokosi kolembamo n'kukaika pa fomu pamalo pamene wafuna. Mu 1992 kampani yomweyo inatulutsa Access, pulogalamu yosungira ndi kusanja zolembedwa, imene ilipobe mpaka lero. Kampani ya SAP ya ku Germany nayonso inadzatulutsa Visual Composer m'zaka za m'ma 2000. Mmenemo munthu ankakoka bokosi loimira gwero la zinthu zosungidwa n'kuliika pa sikirini, kenako n'kujambula mzere kuchokera pa khomo lake lolowera kuti apange fomu yofunsira, ndi mzere wina kuchokera pa khomo lotulukira kuti apange tebulo loonetsa mayankho. Mu 2016 kunabweranso Power Apps. Maonekedwe a zipangizozi ndi osiyana, koma zonse zimalonjeza chinthu chimodzi, chakuti munthu wodziwa ntchito ya mu ofesi kapena m'sitolo akhoza kudzipangira pulogalamu pongoika mabokosi ndi kuwalumikiza. Ine ndinagwiritsa ntchito Access, ndipo ndi imene ndikambepo kwambiri.

Azakhali anga ali ndi sitolo pa msika wa kwathu. Amagulitsa simenti, malata, misomali, penti, ndiponso feteleza nyengo yake ikafika. Ambiri mwa makasitomala awo amatenga katundu pa ngongole, ndipo ngongole zonse zimalembedwa m'buku lalikulu la chikuto cholimba limene limagona m'kabati ya pansi pa kauntala. Munthu aliyense ali ndi tsamba lake. Pamwamba pa tsamba pali dzina, koma m'mbali mwake azakhali amawonjezera timawu tawotawo ndi pensulo: wa ku chigayo, aphunzitsi, mmisiri wa njinga yofiira, apongozi a uje. Ine nditafika ndi laputopu yanga, nditangomaliza kumene kosi ya kompyuta ya teremu imodzi, timawu timeneti ndinatiseka. Ndinawauza kuti buku lawo ndi lachikale, kuti pamatha tsiku lathunthu kuti adziwe ndalama zonse zimene zili kunja, ndiponso kuti ine ndikhoza kuwakonzera chinthu chimene chizisindikiza makalata okumbutsa ngongole pongodina batani limodzi. Iwo anati, "Chita, mwanangu, bola usanditayire makasitomala."

Ndinapanga matebulo awiri. Loyamba linali la makasitomala, lokhala ndi dzina, mudzi ndi nambala ya foni. Lachiwiri linali la ngongole, lokhala ndi dzina la wokongola, tsiku, katundu ndi ndalama. Timawu ta pensulo tija sindinatilowetse, poti ndinalibe danga lotiikamo ndiponso ndinkationa ngati zinyalala. Kenako ndinatsegula pamalo pamene Access amati Relationships, pamene matebulo amaoneka ngati mabokosi. Ndinagwira danga la dzina m'bokosi loyamba ndi mouse, n'kulikokera pa danga la dzina m'bokosi lachiwiri. Panatulukira kabokosi kofunsa ngati ndikufunadi kulumikiza, ndipo m'munsi mwake, pamene pamalembedwa mtundu wa ubalewo, panali liwu lakuti Indeterminate, kutanthauza kuti ubalewo sukudziwika kuti ndi wotani. Nditayesa kuchonga kabokosi kakuti pulogalamu izilondera ubalewo, inakana, n'kunena kuti danga limene ndasankha silitsimikizira kuti munthu aliyense ndi wosiyana ndi mnzake. Ndinafufuta chongacho, n'kudina Create. Mzere unaoneka, wowongoka bwino, ndipo ndinasangalala.

Makalata anatuluka okwana makumi asanu ndi limodzi, ndipo mnyamata wa pa sitolo anawagawa pa njinga. Vuto linali lakuti m'buku muja munali anthu awiri a dzina limodzi ndi mfunda umodzi. Wina anali mmisiri womanga nyumba amene anali ndi ngongole ya K380,000 ya simenti ndi malata. Wina anali aphunzitsi aja, amene ngongole yawo inali K9,000 ya misomali ndi kachitini ka penti. Aliyense wa iwo analandira kalata ya K389,000. Popeza maso a aphunzitsi anafooka, kalata yawo inawerengedwa mokweza ndi mdzukulu wawo, pakhonde pali alendo.

M'mawa mwake anabwera pa sitolo atavala jekete, atanyamula jumbo ya malisiti a zaka zambiri. Sanakweze mawu. Anangofunsa azakhali kuti, "Mayi, kodi ine ndamanga nyumba liti?" Analipira K9,000 yawo, napempha kuti tsamba lawo likhwatchidwe iwo akuona.

Kompyuta sinalakwe kuwerengera. Inachita zimene kamzere kanga kananena. Mzere wolumikiza dzina ndi dzina umauza pulogalamu kuti paliponse pamene zilembo zafanana, pamenepo pali munthu mmodzi. Choncho ngongole iliyonse yokhala ndi dzina lija inapachikidwa pa anthu onse awiri. M'dziko limene a Banda, a Phiri ndi a Mwale ali m'mudzi uliwonse, chiganizo chotere ndi bodza loonekeratu, ndipo wina akanandiuza ndi pakamwa kuti anthu onse a dzina limodzi ndi munthu mmodzi ndikanamuseka. Koma bodza lomwelo litajambulidwa ngati mzere sindinalizindikire. Pofufuza ndinapezanso vuto lina lotembenuka. Ngongole zisanu ndi ziwiri sizinatuluke m'kalata iliyonse chifukwa dzina linalembedwa mosiyana m'matebulo awiriwo. Ife ophunzira zinenero tikudziwa kuti m'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo la mawu. Malamulo a kalembedwe amati r alembedwe pambuyo pa i kapena e ndipo l alembedwe kwina konse, koma mayina a anthu satsata malamulo amenewa. Wina amalemba Chirwa lero, mawa Chilwa. Kwa azakhali ameneyu ndi munthu mmodzi, pomwe kwa kompyuta ndi anthu awiri. Ndipo Access, munthu akapanda kusintha, imangoonetsa zolembedwa zimene zapeza zinzake mbali zonse ziwiri, zotsalazo n'kuzisiya osanena kanthu. Kuwonjezera apo, mayi mmodzi kwathu akhoza kudziwika ndi dzina la ubatizo, la mfunda monga Nabanda kapena Naphiri, la mwamuna wake, ndiponso la mwana wake woyamba. Timawu ta pensulo tija, timene ndinatitaya, ndi timene tinkagwira ntchito yosiyanitsa anthu.

Patapita masiku awiri ndinaperekeza azakhali kukapepesa. Aphunzitsi anatilandira bwino, kenako anati ndiwafotokozere chimene chinachitika, popeza sankamvetsa kuti makina angamunamizire bwanji munthu. Ndinatenga pepala n'kujambula mabokosi awiri, lina la makasitomala, lina la ngongole, ndi mzere pakati pake. Analiyandikitsa kumaso, nalipenda kwa nthawi, kenako anati, "Mayina awiri ndawaona. Nanga mneni ali kuti, mwana iwe?" Ndinasowa choyankha.

Nditabwerera ku sukulu ndinapeza kuti funso lawo silinali lachilendo kwa akatswiri a nkhanizi. Peter Chen, katswiri wobadwira ku Taiwan, ndi amene mu 1976 anafotokoza njira yojambulira zinthu ndi maubale ake munthu asanayambe kumanga database. M'zojambula zake chinthu chimakhala m'bokosi, ndipo ubale umakhala ndi malo akeake pakati pa mizere, pamene pamalembedwa dzina la ubalewo. Mu 1983 iye analembanso pepala loyerekeza zojambulazi ndi kapangidwe ka chiganizo cha Chingerezi, n'kusonyeza kuti mayina amasanduka mabokosi pamene aneni amasanduka maubale. Koma pa sikirini ya Relationships mu Access mzere sulembedwa dzina. Mabokosi ali ndi mayina awo pamwamba, madanga onse ali ndi mayina awo, mzere wokha ndi umene uli chete. Chiganizo chopanda mneni mphunzitsi wa Sitandade 5 amachikhwatcha ndi cholembera chofiira, koma pa kompyuta chimadutsa, ndipo chimaoneka chaudongo. Apa ndi pamene ndikuona kuti pali msampha. Kuphweka kwa kujambula mzere kumabisa kulemera kwa zimene mzerewo ukunena.

Ndidutseko pang'ono pa mbiri ina imene inandidabwitsa. Maganizo osunga zinthu m'matebulo olumikizana anachokera kwa Edgar F. Codd, Mngelezi amene ankagwira ntchito ku IBM mu mzinda wa San Jose ku America, m'pepala limene analemba mu 1970. Anthu ambiri akamva zakuti relational database amaganiza kuti dzinali likunena mizere ya pakati pa matebulo, koma kwa Codd liwu lakuti relation linkaimira tebulo lenilenilo. M'pepala lomwelo muli mfundo imene ine ndinaiphonya, yakuti tebulo lililonse liyenera kukhala ndi danga limene silibwerezabwereza, lotchedwa primary key, ndipo tebulo lina likafuna kuloza munthuyo liziloza danga limenelo. Tinaphunzira zimenezi m'kalasi, ndipo ndinakhoza mayeso ake. Koma pa mayeso panalibe aphunzitsi a jekete.

Kukonza vuto la mayina sikunali kovuta. Ndinapatsa kasitomala aliyense nambala yake kudzera m'danga la mtundu wa AutoNumber, limene limapereka nambala yatsopano kwa munthu aliyense wolowetsedwa, ndipo m'tebulo la ngongole ndinaika nambalayo m'malo mwa dzina. Timawu ta pensulo ndinatipatsa danga lakelake, kuti munthu posankha kasitomala pa fomu aziona dzina ndi chizindikiro chake pamodzi. Nditalumikiza nambala ndi nambala, pulogalamu inavomera kulondera ubalewo, ndipo pa mzere panaoneka 1 kumbali ya makasitomala ndi chizindikiro chooneka ngati 8 wogona kumbali ya ngongole. Ulendo uno ndinachita chimene ndikanachita poyamba. Ndinaitana azakhali, n'kuwawerengera mzerewo m'Chichewa kuchokera mbali zonse ziwiri: kasitomala mmodzi akhoza kukhala ndi ngongole zambiri, ndipo ngongole iliyonse ili ndi mwini wake mmodzi yekha.

Gawo loyamba anagwedezera mutu. Pa gawo lachiwiri anati, "Limenelo ndi bodza linanso."

Anatulutsa buku lija n'kutsegula tsamba la kalabu ya alimi, anthu khumi ndi awiri amene anatenga feteleza pamodzi ndipo amabweza aliyense pa nthawi yake akagulitsa mbewu. Ngongole ndi imodzi, eni ake khumi ndi awiri. Anatsegulanso tsamba la agogo ena amene sabwera n'komwe pa sitolo. Katundu amadzatenga ndi mdzukulu, dzina la pa tsamba ndi la agogo, koma ndalama imachokera kwa mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo imafika pa foni ya azakhali ndi dzina limene silipezeka paliponse m'bukumo. Pomaliza anandionetsa tsamba la mmisiri uja. Simenti imene iye amatenga si yake, ndi ya eni nyumba zimene akumanga. Ndinafunsa kuti, "Nanga azakhali, pamenepa wokongola ndi ndani?" Anaganiza kaye, kenako anati, "Ndalama imachokera kwa mwini nyumba, koma amene ndinamukhulupirira ndi mmisiri. Mwini nyumba akathawa, ndigwira mmisiri."

Pamenepa ndi pamene ndinaona kuti chinenero chathu chinali patsogolo pa chojambula changa. M'Chichewa misintho ya mneni imasiyanitsa zinthu zonsezi popanda vuto. Pali kutenga ndi kutengera, kukongola, kukongolera ndi kukongoza, kulipira, kulipirira ndi kulipiritsa. Tizilembo tochepa tolowa kumapeto kwa tsinde timanena ngati munthu akudzichitira yekha, akuchitira wina kapena akuchititsa wina. Mwana wa ku Johannesburg salipira ngongole, amalipirira mayi ake. Mdzukulu satenga katundu, amatengera agogo ake. Azakhali akamalankhula sasokoneza zimenezi ngakhale kamodzi. Koma mzere wa pa sikirini ulibe msintho womuchitira. Ukafuna kuti unene zimenezi uyenera kuzimanga ndi manja: mzere wina wa wotenga, wina wa wokongola, wina wa wolipira, yonse yochokera ku tebulo limodzi la anthu. Mu Access, kuti izi zioneke, tebulo lomwelo umaliika pa sikirini kawiri kapena katatu, ndipo pulogalamu imawonjezera _1 ndi _2 ku dzina lake. Nkhani ya kalabu inafuna tebulo lachitatu loima pakati, lolemba kuti munthu uyu ali ndi gawo lakuti pa ngongole iyi, chifukwa matebulo awiri okha sangathe kunena kuti ambiri ali pa ubale ndi zambiri. Chojambula changa chinasiya kukongola m'maso. Mabokosi awiri anasanduka asanu, mizere n'kumapingasana. Koma chinayamba kufanana ndi sitolo ya azakhali.

Pali kabokosi kena kamene ndikufuna owerenga akadziwe, chifukwa kamasonyeza bwino kuti nkhani ya mizere si ya amisiri a kompyuta okha. Munthu akachonga kuti pulogalamu izilondera ubale, pamatseguka mwayi wochonganso Cascade Delete Related Records. Tanthauzo lake ndi lakuti ukafufuta kasitomala, ngongole zake zonse zimafufutika naye limodzi. Pulogalamu imachenjeza kaye, koma tonse tikudziwa mmene timadinira Yes tisanawerenge. Tsono taganizani za kasitomala amene wamwalira. Wogwira ntchito watsopano pa sitolo akhoza kuona kuti n'kwanzeru kumuchotsa pa mndandanda wa amoyo, osadziwa kuti akuchotsanso mbiri yonse ya zimene malemuyo anatenga. Kwathu ngongole ya malemu si nkhani ya munthu mmodzi. Akuluakulu amati mlandu suwola. Maliro akatha achibale amakhala pansi, amafunsa amene malemu anawakongola ndi amene anakongola kwa malemu, ndipo mwini sitolo amasankha yekha ngati akhululuke, achepetse kapena adikire. Azakhali anakhululukirapo ngongole zotere, koma tsamba saling'amba, amangolemba tsiku ndi mawu akuti takhululuka. Chigamulo chimene chimafuna mwinimbumba, ana ndi mwini sitolo sichiyenera kuperekedwa ndi wophunzira wa pa tchuthi pochonga kabokosi. Ine kabokosi kameneko ndinakasiya kopanda chonga, ndipo ndinawonjezera danga longosonyeza kuti tsamba latsekedwa.

Ndikudziwa kuti ena atsutsa. Mnzanga wina wophunzira sayansi ya kompyuta anandiuza mosabisa kuti wolakwa ndine, osati chipangizo, chifukwa pulogalamu inandichenjeza kawiri ine n'kunyalanyaza. Akunena zoona, ndipo safunsa anadya phula. Komabe ndikufuna tione mmene chenjezolo linabwerera. Linali liwu limodzi la Chingerezi chozama, m'munsi mwa kabokosi, ndipo batani lopitirizira linali lotseguka. Liwulo silinandiuze kuti anthu awiri a dzina limodzi adzagawana ngongole. Zipangizo zimenezi zimagulitsidwa ndi lonjezo lakuti ndi za anthu amene si akatswiri. Ngati zili choncho, ziyenera kulankhula ndi munthu woteroyo m'mawu a ntchito yake. Sizingatheke kuitana munthu wamba kuti adzayendetse galimoto, kenako akagunda n'kumuuza kuti akanayenera kukhala makaniko.

Mnzangayo anapitiriza kunena kuti zojambulajambulazi ndi zidole, ndipo munthu wofuna ntchito yolongosoka azilemba yekha malamulo m'chinenero cha SQL. Apa ndiye sindigwirizana naye ngakhale pang'ono. Bodza lakuti dzina ndi munthu likhoza kulembedwa mu SQL mosavuta ngati mmene lingajambulidwire, ndipo likalembedwa mmenemo limabisala kwambiri. Aphunzitsi aja anaona kuti mneni palibe chifukwa chakuti ndinawajambulira mabokosi ndi mzere. Azakhali anagwira bodza lachiwiri chifukwa chakuti panali chinthu choloza ndi chala. Ndikanawaonetsa tsamba la malamulo a Chingerezi akanangoti, "Iwe ndi amene ukudziwa, mwanangu," ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Ubwino waukulu wa zipangizo zojambula, m'kuona kwanga, si liwiro limene otsatsa malonda amalitama ayi. Ubwino wake ndi wakuti zimaika maganizo a wopanga pulogalamu poyera, pamene munthu wosadziwa kompyuta akhoza kuwatsutsa. Koma ubwino umenewu umatayika ngati wojambulayo akhala yekha m'chipinda usiku, monga mmene ndinachitira ine, n'kudzaonetsa eni ake makalata osindikizidwa kale.

Palinso amene anganene kuti ngati buku linkagwira ntchito, ndinalivutiranji. Funsoli landisautsa, chifukwa buku silinanamizirepo munthu kwa zaka zonsezi. Koma bukulo limagwira ntchito chifukwa mizere yake yonse ili m'mutu mwa munthu mmodzi. Azakhali atadwala kwa mwezi wathunthu zaka zingapo zapitazo, palibe amene ankatha kuliwerenga. Mnyamata wa pa sitolo ankaona dzina ndi ndalama, koma sankadziwa kuti apongozi a uje ndi ndani, kapena kuti ndalama yofika pa foni kuchokera ku South Africa ikhwatche tsamba liti. Choncho kutulutsa mizereyo m'mutu mwa azakhali n'kuiika pamene ena angaione ndi ntchito yofunika. Cholakwa changa chinali chakuti m'malo motulutsa mizere yawo ndinalowetsa yanga.

Wina anandilangiza kuti ndigwiritse ntchito nambala ya chiphaso cha unzika, poti kuyambira pa kalembera wa 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa, akuluakulu ambiri ali nacho ndipo nambala yake sifanana ndi ya wina. Pa pepala maganizowa ndi abwino. Azakhali anakana. Anati munthu amene wagula kwa iwo zaka khumi ndi zisanu sangamufunse chiphaso pa misomali ya theka la kilo, chifukwa kumeneko ndi kumuuza kuti sakumudziwa. Ine ndinawonjezera chifukwa china, chakuti kusunga manambala a ziphaso za anthu pa laputopu ya m'sitolo ndi udindo waukulu, makamaka popeza kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere. Nambala ya foni nayonso siithandiza, poti foni imodzi imatumikira banja lonse ndipo anthu amasintha manambala kawirikawiri. Tinakhazikika pa nambala ya m'sitolo momwemo, imene tsopano imalembedwa pamwamba pa tsamba la m'buku ndi pa lisiti lililonse.

Chimene ndikupempha kwa amene amaphunzitsa zipangizozi si chachikulu. Wophunzira asamapatsidwe malikisi chifukwa chakuti mzere waoneka ndipo lipoti latuluka. Azifunsidwa kuti alembe mzere uliwonse ngati chiganizo chathunthu, chokhala ndi mneni, kuchokera mbali zonse ziwiri, m'chinenero chimene mwini ntchitoyo amalankhula, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Kenako apite nacho kwa munthu wa pa kauntala akamufunse ngati chiganizocho chili choona nthawi zonse, ndi kuti chinalephera liti. Funso lachiwirili ndi limene limatulutsa makalabu, adzukulu ndi ana a ku Johannesburg. Ndikunena za chinenero cha mwini ntchito chifukwa ndinayesa ndekha. Nditawerengera azakhali mzere womwewo m'Chingerezi, chimene amachimva bwino, anangovomera. M'Chichewa ndi mmene anaugwira, poti m'Chichewa unayenera kusankha pakati pa kulipira ndi kulipirira. Ife a m'dipatimenti ya zinenero timakonda kudziona ngati alendo pa nkhani za kompyuta, koma luso lophwanya chiganizo n'kufunsa kuti wachita ndani, wachitira yani, ndi lomwelo limene likufunika pamenepa.

Nkhaniyi ikukulirakulira. Kuyambira mu 2023 zipangizo zina, kuphatikizapo Power Apps, zimalola munthu kungofotokoza m'mawu pulogalamu imene akufuna, ndipo makina amamupangira matebulo. Kumeneku ndi kupita patsogolo, ndipo sindikukunyoza. Nkhawa yanga ndi yakuti ine mzere wanga wolakwika ndinaujambula ndi dzanja langa, kotero nditafunsidwa ndinadziwa pokayang'ana. Munthu amene zigawo za pulogalamu yake zalumikizidwa ndi makina akhoza kukhala osadziwa n'komwe kuti pali mzere. Makinawo anaphunzira kuchokera ku zitsanzo zambirimbiri zimene anthu analemba kale, ndipo chitsanzo chofala m'mabuku ophunzitsira ndi cha kasitomala mmodzi amene amaitanitsa yekha katundu ndi kulipira yekha. Mmisiri amene akutengera mwini nyumba simenti sangalowemo pokhapokha wina atamutchula.

Nkhani ya mmisiriyo mpaka pano sindinaimalize. Ndinamupatsa mzere wachinayi, wa munthu woikira kumbuyo ngongole, koma azakhali akuti nawonso sukunena zonse, chifukwa pali eni nyumba ena amene iwo amawadziwa bwino kuposa mmisiri, ndipo pamenepo zinthu zimatembenuka. Tagwirizana kuti tidzakhalenso pansi pa tchuthi chikubwerachi. Pakadali pano buku ndi kompyuta zikugwira ntchito limodzi, ndipo kalata iliyonse azakhali amaiyerekeza kaye ndi tsamba lake isanatuluke pa sitolo. Aphunzitsi anatikhululukira, ndipo amabwerabe kudzagula, koma amalipira pompopompo. Mu kompyuta iwo ndi nambala 47, ndipo ku tebulo la ngongole kulibe chilichonse cholozera nambala imeneyo.